Damu la dothi

Damu la dothi ndi khoma la dothi lotsenderedwa lomwe amamanga modutsa mtsinje kapena chigwa pofuna kusunga madzi akumwa, othirira ndi omwetsa ziweto. Pakati pa khomali amaikapo dongo kuti madzi asamadutse.

Zowononga damu

Madamu ambiri a dothi amagumuka madzi akasefukira pamwamba pa khoma. Nchifukwa chake ngalande yotayira madzi, yomwe imakumbidwa pambali, siyenera kutsekeka ndi zinyalala kapena kulimidwa. Vuto lobisika ndi kudontha. Mizu ya mitengo, chiswe ndi mbewa zimaboola khoma, madzi n'kumatsata mabowowo. Madzi oyera otuluka pang'ono kuseri kwa khoma sadetsa nkhawa kwenikweni, koma akayamba kutuluka amatope ndiye kuti khoma likudyeka m'kati, ndipo anthu a kumunsi achenjezedwe msanga. Pa 9 May 2018 damu la Patel ku Solai, m'dziko la Kenya, linaphulika usiku n'kupha anthu 48.

Kasamalidwe

Pakhoma amadzalapo kapinga, osati mitengo, ndipo ng'ombe sizidutsapo. Osamalira damu amaliyendera mvula isanayambe komanso ikagwa yamphamvu, kufufuza ming'alu, zulu ndi malo otitimira.

M'madera a mapiri ngati Thambani, m'boma la Mwanza, mitengo ikatha kumtunda damu limadzaza matope msanga. Damu la Mpira ku Ntcheu, lomwe limapereka madzi mpaka ku Balaka, linauma mu 2018, ndipo kutha kwa nkhalango kumtunda kwake kunali chimodzi mwa zifukwa.