Ndarama za Siliva za Aroma, ndi Nyundo Yotayika M'munda

Madzulo ano tikamba za ndarama za siliva zimene Aroma anasula kale lomwe, ndi za anthu a ku Ulaya amene amazisonkhanitsa ndi kuzigulitsa.

Akuluakulu mukumbukira kuti tisanalandire kwacha ndi tambala m'chaka cha 1971, polemba makobiri tinkaika chilembo cha "d", monga 3d kapena 6d. Chilembocho chinachokera ku dzina la ndarama ya Aroma yochedwa denarius. Ndarama imeneyi inayamba kusulidwa cha m'ma 211 Yesu asanabadwe, pamene Aroma anali pa nkhondo ndi Hannibal wa ku Carthage. Ukulu wake unali ngati wa sikisi, kulemera kwake magalamu 4 ndi theka, ndipo siliva wake anali weniweni. M'fanizo la Yesu la antchito a m'munda wa mpesa, ndarama yomweyi ndiyo malipiro a munthu wa ganyu pa tsiku limodzi.

Masiku amenewo kunalibe nyuzipepala kapena wailesi, tsono ndarama ndiyo inkafikitsa nkhope ya wolamulira ku midzi yakutali. Julius Caesar anaika nkhope yake pa ndarama m'chaka cha 44 Yesu asanabadwe, ndipo chaka chomwecho anaphedwa. Patapita zaka ziwiri Brutus, mmodzi wa omupha, anasulitsa yakeyake, yokhala ndi mipeni iwiri ndi tsiku la imfayo.

Koma nkhondo ndi malipiro a asilikari zinadya chuma cha Boma. M'chaka cha 64 Yesu atabadwa, Kaisara Nero anachepetsa kulemera kwa denarius, nasanganiza mkuwa pang'ono, monga amachitira wogulitsa mkaka wothira madzi. Otsatira ake anaonjeza mkuwawo. Pa nthawi ya Septimius Severus, amene analamulira kuyambira 193 mpaka 211, siliva anatsala ngati theka lokha. M'chaka cha 215 Caracalla anaturutsa ndarama yatsopano yoti iwerengedwe ngati madenarius awiri, chonsecho siliva wake anali wa denarius imodzi ndi theka. Pofika zaka za m'ma 260 ndaramayo inali ya mkuwa, yongokutidwa ndi siliva pamwamba.

Anthu sapusitsidwa nthawi yaitali. Mitengo ya zinthu inakwera, ndipo ngakhale Kaisara Diocletian anaika lamulo la mitengo m'chaka cha 301, loopseza ndi imfa, lamulolo silinagwire ntchito. Wochenjera ankagulira ndarama zoipa, zabwinozo nazikwirira mu mbiya. Ambiri anafa osabwererako, ndipo ndicho chifukwa chake makasu ndi mapulawo a ku Ulaya akhala akufukula chuma chotere.

Mverani zimene zinachitika ku Hoxne, mudzi wa ku England, mu November 1992. Mlimi wina anataya nyundo m'munda, napempha mnzake amene anali ndi makina ofufuzira zitsulo pansi kuti amthandize. Mnzakeyo anapeza masipuni a siliva ndi ndarama. Sanakumbe zonse usiku ayi; iye ndi mlimi uja anakauza apolisi ndi eni malo. M'mawa mwake akatswiri anadza nafukula mosamala ndarama zoposa 14,000, zambiri za siliva, pamodzi ndi zibangiri za golidi. Chifukwa dothi silinasokonezedwe, anazindikira kuti chumacho chinaikidwa m'bokosi la matabwa, ndipo ndarama zotsiriza kusulidwa, za chaka cha 407 kapena 408, zinaonetsa kuti chinakwiriridwa ulamuliro wa Aroma uli pafupi kutha m'dzikolo. Wopezayo analipidwa £1,750,000, nagawana ndi mlimi. Chumacho chiri ku British Museum ku London, pamodzi ndi nyundo ija, imene inapezekanso.

Musaganize kuti ndarama iriyonse ya Aroma iri ndi mtengo wotere. Zinasulidwa zambirimbiri, ndipo denarius wamba yoperepeseka siigulidwa mokwera. Wogula wodziwa amayang'ana zitatu: ngati iri yosowa, ngati nkhope ndi zilembo zioneka bwino, ndiponso ngati mbiri yake idziwika, ndiko kuti inapezeka kuti, inadzera m'manja mwa yani. Kuikwecha ndi mchenga kuti iwale kumaononga mtengo wake. Zachinyengo nazo ziripo zambiri. Ndarama ya golidi ya Brutus uja inagulidwa ku London m'chaka cha 2020 pa mtengo woposa £3,000,000, koma zitadziwika kuti mapepala a mbiri yake anali onama, inalandidwa nibwezedwa ku Greece m'chaka cha 2023.

Ulamuliro wa Aroma sunafike kuno kwathu, koma makasu athu amafukula mapale, mikanda ndi zitsulo za makolo. Inu alimi, mukapeza zotere musaziswe kapena kuzigulitsa kwa munthu wongodutsa. Zisiyeni pomwepo, muuze amfumu. Ndipo inu mafumu mudziwitse a ku Boma msanga, kuti odziwa aone malowo dothi lisanatembenuzidwe.

Tsalani bwino nonse.