Njira Imene Sitima Inasiya

Tsiku loyamba limene ndinapalasa njinga kuchokera ku Bristol kupita ku Bath, ku England kuno, ndinabwerako khosi likuwawa. Sindinagwe ayi. Ndinkangocheukacheuka njira yonse. Paja munthu amene anaphunzira njinga m'mbali mwa M1 wa kwathu ku Malawi, thupi lake limasunga lamulo limodzi: ukamva mkokomo kumbuyo, thawira kufumbi. Tsono ine ndinayenda makilomita asanu, kenako khumi, ndikudikira hutala ya thiraki imene sinalire. Amene anandipitirira anali agogo ena aakazi atavala chipewa cholimba, ndi bambo wina akukoka kangolo muli ana awiri akugona tulo tofa nato.

Njirayi ndi yotalika makilomita 21, ndipo galimoto siloledwa. Imachoka pakati pa mzinda, n'kudutsa kuseri kwa nyumba za anthu, kenako nyumba zija zimatha, mumangoona minda, ng'ombe ndi mtsinje wa Avon. Chinandidabwitsa china: dera lonselo ndi la zitunda, koma njira yokhayo sikwera mothetsa mpweya ndipo sikhota modzidzimutsa. Pamene pali phiri, yalowa pansi pake. Pamene pali chigwa, yadutsa pamwamba pa mtumbira wa dothi. Ndinadzifunsa kuti kodi ndi boma liti limene lingaboole phiri chifukwa cha munthu wa njinga?

Yankho ndinalipeza pa Mangotsfield. Pamenepo pali makoma akale opanda denga, ndi nsanja zimene anthu ankaimapo podikira sitima. Palibe amene anaboolera phiri munthu wa njinga. Ndinali kupalasa pamwamba pa manda a njanji.

Mbali ya kufupi ndi Bristol ndi yakale kwambiri. Mu 1835 anatsegula njanji yotengera malasha kuchokera ku migodi ya Coalpit Heath kupita kudoko la mzindawu, ndipo ngolo zake zinkakokedwa ndi akavalo. Sitima za utsi zinabwera pambuyo. Nthambi yochokera pa Mangotsfield kukafika ku Bath inatsegulidwa mu 1869 ndi kampani ya Midland Railway. Tsono sitima ili ndi chilema chimodzi: gudumu lachitsulo likakhala pa njanji yachitsulo limaterereka pachitunda. Pachifukwa ichi dziko linayenera kuwongoledwa kuti ligonjere sitimayo. Amene analiwongola anali aganyu omwe Angerezi ankawatcha kuti navvies. Zida zawo zinali piki, fosholo, wilibala ndi onga wophulitsira miyala. Ankagona m'zisakasa m'mbali mwa ntchito, ndipo ambiri m'dziko lonseli anafera m'maenje ndi m'mapanga amene ankakumba. Ndikamalowa m'phanga la Staple Hill, madzi akudontha kuchokera kudenga, miyendo yanga ikuzungulira mosavutika, ndimadziwa kuti kupepuka kumeneko wina anakulipira ndi msana wake. Dzina lake silinalembedwe pakhoma.

Nanga njanjiyo inafa bwanji? Apa ndiye pali dzina limene achikulire ena kuno amalitchulabe ngati akulavula: Richard Beeching. Anali mkulu wa ku kampani ya ICI, ndipo boma linamuitana kuti adzachiritse njanji za dziko zomwe zinkataya ndalama chaka ndi chaka. Mu Malichi 1963 anatulutsa lipoti lake lotchedwa The Reshaping of British Railways. Mankhwala ake anali mpeni: kutseka njanji zokwana makilomita pafupifupi 8,000 ndi masiteshoni 2,363. Nduna imene inamulemba ntchito, Ernest Marples, inali italemera ndi kampani yomanga misewu. Zimenezo ndangozinena, muziweruze nokha.

Ine sindifuna kumusandutsa Beeching mfiti. Masamu ake sanali abodza onse. Galimoto zinali kuchuluka, katundu anali kusamukira m'malole, ndipo sitima zina zinkayenda ndi anthu owerengeka m'manja. Chimene masamuwo sanawerenge ndi munthu wopanda galimoto, wa pamudzi, amene sitima ija inali njira yake yopitira kuntchito ndi kuchipatala. Mu 1966 sitima za anthu zinasiya kuyenda pakati pa Mangotsfield ndi Bath. Za malasha zinapitirirabe kwa zaka zochepa, kenako njanji anaizula, minga n'kumera.

Tsiku lina ndinaima pa siteshoni yakale ya Warmley, pamene chipinda chodikiriramo sitima anachisandutsa kogulitsira tiyi. Ndinakhala benchi imodzi ndi mkulu wina wa imvi mbuu. Nditayamba kutama njirayi, anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati bambo awo ankakwera sitima pomwepo m'mawa uliwonse, ndipo itatsekedwa anayamba kudzuka kukadali mdima kuthamangira basi. Sanakwiye ayi. Anangomwa tiyi wawo. Ine ndinasowa chonena, chifukwa ndinali nditangomaliza kuyamikira maluwa omera pamanda a munthu pamaso pa mwana wake.

Maganizo osandutsa njanji zakufa kukhala njira za oyenda pansi ndi apanjinga sanayambire ku Bristol. Ku Peak District, akuluakulu oyang'anira malo otetezedwawo anagula njanji yakale yochokera ku Ashbourne, n'kuitsegula mu 1971 ndi dzina loti Tissington Trail. Koma nkhani ya ku Bristol imandikoka mtima chifukwa sinayambe ndi ofesi. Mu 1977, mafuta atakwera mtengo kutsatira mavuto a mu 1973, kagulu ka anthu otopa ndi ulamuliro wa galimoto kanakumana n'kudzitcha Cyclebag. Mmodzi mwa iwo anali injiniya, John Grimshaw. Poyamba ankachita zimene magulu otere amachita: zionetsero, makalata opita kukhonsolo. Ataona kuti makalata sabala msewu, anapempha chilolezo chogwiritsa ntchito njanji yosiyidwa ija, ndipo mu 1979 anatenga okha mafosholo. Anthu ongodzipereka, osalipidwa, ankabwera kumapeto a sabata kudzamwaza fumbi la miyala pakati pa Bitton ndi Bath. Patapita zaka 110 chitsegulire nthambi ija, wilibala inabwereranso pamalo omwewo.

Njira yonse inatha mu 1986. M'zaka zimenezo ulova unali waukulu ku Britain, ndipo mbali ina ya ntchito zoterezi inagwiridwa ndi anthu osowa ntchito amene boma linkawalipira kangachepe kudzera m'mapologalamu ake. Mfundo imeneyi siimveka kawirikawiri anthu akamasimba za ngwazi zongodzipereka, koma ine ndimaiona kuti ndi yofunika. Kagulu kaja kanakula n'kukhala bungwe la Sustrans. Mu 1995 linalandira mapaundi opitirira 40 miliyoni kuchokera ku ndalama za lotale kuti limange National Cycle Network, ndipo pofika mu 2000 makilomita 8,000 oyamba anali atatsegulidwa. Mukadzaona kachikwangwani kabuluu kali ndi njinga yoyera ndi nambala m'kabokosi kofiira, ndi kameneko. Njira yathuyi ndi mbali ya nambala 4.

Komatu musanyengeke ndi chikwangwani. Ndalama zitabwera, panabweranso chilakolako chochulukitsa makilomita papepala, ndipo zikwangwani zambiri anangozikhoma m'misewu wamba momwe galimoto zimathamanga. Ine ndinatsatirapo china tsiku lina, ndi mtima wa mwana, mpaka ndinapezeka ndili phewa ndi phewa ndi lole. Khosi lija linakumbukira ntchito yake. Bungwelo linavomereza lokha vutoli litaunika njira zake mu 2018, ndipo mu 2020 linachotsa pamndandanda pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Zimene zimakondedwa ndi mabanja ndi zomwezija za m'mabwinja a njanji: Camel Trail ku Cornwall, Monsal Trail ku Derbyshire, ndi iyi ya kwathu kuno.

Ndati "kwathu kuno" dala, chifukwa anthu a ku Bristol anasonyeza kuti njirayi ndi yawo. Mu 2008 kunamveka mapulani oti mbali ina idutsemo mabasi. Anthu zikwizikwi anasaina zikalata zokana, ena anaguba, ndipo mapulaniwo anaikidwa pambali. Apanso mtima wanga umagawanika. Basi ndi ya munthu wopanda galimoto, yemweyo amene Beeching anamuiwala. Koma m'mawa ukaima pa Fishponds n'kuona anamwino, ana asukulu ndi amisiri akutsetsereka kupita mumzinda, umazindikira kuti njirayi siyongocheza Lamlungu ayi. Inabwerera ku ntchito yake yakale yonyamula anthu, kungoti tsopano aliyense ndi injini ya iye mwini.

Ndikafika ku Bath ndili ndi mphamvu zotsala, ndimakhotera kumwera, ku njira ya Two Tunnels imene inatsegulidwa mu 2013 pa njanji ina yakufa, ya Somerset and Dorset. Kumeneko kuli phanga la Combe Down, lotalika kupitirira kilomita imodzi ndi theka, lomwe analiboola mopanda potulukira utsi. Mu Novembala 1929 sitima ya katundu inkakwera movutika m'menemo, utsi unakomola woyendetsa ndi mnzake wothira malasha, ndipo sitimayo inatsika yokha mwaliwiro mpaka kukagubuduzika pa siteshoni ya katundu ku Bath. Anthu atatu anafa.

Lero muli timagetsi tosawala kwambiri, ndipo mumazizira ngakhale kunja kukutentha. Ukafika chapakati, kuwala kwa kukhomo kutazimiririka kumbuyo ndi kutsogolo komwe, m'makoma mumayamba kutuluka nyimbo ya zingwe, yapansipansi. Ulendo woyamba sindinadziwe kuti anaika dala. Ndinagwira mabuleki, tsitsi lili nyaunyau, n'kuima mumdimamo. Kenako belu linalira kumbuyo kwanga, ngrii ngrii, kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi ziwiri kakupempha njira. Ndinapatukira kukhoma, kanadutsa, bambo ake akubwera pambuyo wefuwefu.