Linga la São Sebastião ndi njira za minyanga

Ife a ku Zambia tilibe nyanja ya mcere, cotero nkhani ya malinga a kugombe timaimva ngati ya eni ake. Koma pali linga limodzi limene linanenepa ndi katundu wocokera kuno kumtunda. Dzina lake ndi São Sebastião, ndipo lili pa cilumba ca Mozambique, m'cigawo ca Nampula.

Cilumbaco ndi cacing'ono, pafupifupi makilomita atatu m'litali. Vasco da Gama anafikapo mu 1498 n'kupeza amalonda aciswahili ali kale pa nchito. Apwitikizi atakhazikika, anayamba kumanga lingali mu 1558 kunsonga ya kumpoto, moyang'anizana ndi polowera zombo. Nchitoyo inatha zaka 50 ndi kupitirira. Kuseri kwa khoma, pafupi ndi mafunde, kuli kachalichi ka Nossa Senhora de Baluarte, ka mu 1522, kamene kanaliona lingalo likumangidwa.

Mayeso enieni anabwera ndi Adachi. Mu 1607 Paulus van Caerden anazinga lingalo, ndipo caka cotsatira Pieter Verhoeff anabwera kudzayesanso. Onse awiri anaononga mudzi wa kunja kwa makoma, koma mkulu wa asilikali, Estêvão de Ataíde, sanatsegule cipata. Aluya a ku Oman naonso anafunkha mudziwo ca m'ma 1670, linga osaligonjetsa. Olemba mbiri amakonda kutama mizinga, ndipo ina ikali pamakomapo, yadzimbiri, kukamwa kutaloza kunyanja. Ife tikuona kuti madzi ndiwo anagwira nchito yaikulu. Pacilumbapo palibe mtsinje. Omanga anakonza madenga kuti mvula yonse yogwa pamwamba itsikire m'ngalande n'kukathira m'zitsime zazikulu za mkati. Msilikali wozingidwa akakhala ndi madzi akumwa amatha kudikira mpaka mdani atatopa.

Nanga ankalondera ciani? Poyamba linali doko lopumulirapo zombo zopita ku Goa, ku India. Koma cuma cambiri cimene cinkakwezedwa m'zombomo cinkacokera kwathu kuno. M'zaka za m'ma 1600, nthawi ya Kalonga Muzura, Amaravi ankatsitsira minyanga ya njovu kugombe limeneli. M'zaka za m'ma 1700 malondawo anagwera m'manja mwa Ayao, amenenso ankagulana ndi Abisa obwera ndi minyanga kucokera kudziko la Mwata Kazembe, kudutsa cigwa ca Luangwa. Pobwerera ankasenza nsalu za ku India ndi mikanda. Pambuyo pake m'njira zomwezo munayamba kuyenda anthu omangidwa m'magoli, ndipo pacilumbapo ankakwezedwa m'zombo zopita ku Mauritius, ku Réunion ndi ku Brazil. Mizinga ija, ngakhale inaloza kunyanja, inkateteza msika umenewu kuti mzungu wina asaulande.

Likulu la dziko litasamukira ku Lourenço Marques mu 1898, cilumbaco cinayamba kuzirala. Mu 1991 bungwe la UNESCO linaciika pa mndandanda wa malo a colowa ca dziko lonse, ndipo lingalo lakhala likukonzedwa, makamaka madenga ndi ngalande zake. Sitikutsutsa. Khoma lamiyala ya m'nyanja likasiyidwa, mcere ndi mizu ya mitengo zimalidya msanga.

Cimene tingapemphe kwa wopita kumeneko n'cakuti asathere pa linga pokha. Mlatho wocokera kumtunda umafikira kumwera kwa cilumba, ndipo msewu umayamba wadutsa m'mudzi wa Macuti, wa nyumba zofolera ndi masamba a mgwalangwa ndi kokonati. Nyumba zambiri kumeneko zili m'munsi mwa msewu, moti woyenda amaona madenga pansi pa mapazi ake, cifukwa anthuwo anamanga m'maenje mmene munakumbidwa miyala yomangira mudzi wa Apwitikizi. Mvula ikagwa yambiri, madzi amayamba kulowa m'nyumba zimenezo.