Labalaba ndi nkhondo imene Britain ankaibisa

M'mamawa wa pa 19 July 1972, asilikali oukira boma oposa 200 anatsika m'mapiri a Dhofar kudzalanda tauni ya Mirbat, kummwera kwa Oman. M'tauniyo munali asilikali 9 okha a SAS, gulu lapadera la nkhondo la Britain, pamodzi ndi asilikali ochepa a Sultan Qaboos.

Mmodzi mwa 9 aja anali Sajeni Talaiasi Labalaba wa ku Fiji. Iye anathamangira pa mzinga wakale wa 25-pounder, umene umafuna anthu angapo kuti uombe, nayamba kuomba yekha. Chipolopolo chinamulasa pachibwano koma sanasiye. Mfiji mnzake, Sekonaia Takavesi, anathamanga pamtetete zipolopolo zikugwa ngati mvula kukamuthandiza, nayenso n'kulasidwa. Pamene ndege za Strikemaster zinkabalalitsa oukirawo, Labalaba anali atamwalira kale ndi chipolopolo cha pakhosi. Anali ndi zaka 30.

Kulimba mtima kwake palibe amatsutsa. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi zimene zinatsatira. Mkulu wa gululi, Kaputeni Mike Kealy, analandira mendulo ya DSO. Labalaba anangotchulidwa dzina m'malipoti a boma, ulemu umene amautcha Mention in Despatches. Anzake akhala akunena kwa zaka zambiri kuti ankayenera Victoria Cross, ndipo chifukwa chimene ambiri amapereka n'chakuti nkhondoyi inali yachinsinsi. Pa mapepala, a SAS ku Oman anali aphunzitsi chabe, otchedwa British Army Training Team. Mphunzitsi amafa bwanji pa mzinga? Kumupatsa mendulo yapamwamba kukanakhala kuvomera pagulu kuti Britain akumenya nkhondo.

Ndipo inali nkhondo ya yani? Qaboos anachotsa bambo ake pampando mu 1970 mothandizidwa ndi Britain, amene sankafuna kuti dziko loyang'anizana ndi njira ya mafuta ya Hormuz ligwe m'manja mwa otsatira chikomyunizimu. Chaka chomwecho Fiji analandira ufulu. Choncho Labalaba anafa ali mwana wa dziko lodzilamulira, akuteteza mpando wa mfumu yachilendo m'malo mwa atsamunda ake akale. Ife amene agogo athu anapita ku Burma ndi King's African Rifles nkhani yotere si yachilendo kwenikweni.

Manda ake ali ku Hereford, kwawo kwa SAS, osati ku Fiji. Chipilala chake cha ku Nadi chinatsegulidwa ndi Prince Harry mu October 2018, patadutsa zaka 46.