Aseniki ndi Kaodzera wa M'chigwa cha Luangwa

Msewu wa Great East, umene umatuluka mu Lusaka n'kudzera pa Silverest m'boma la Chongwe, ukapitirira kum'mawa umafika ku Rufunsa, dera limene kale linali mbali ya boma lomweli, kenako umatsetserekera kumtsinje wa Luangwa, ndipo chigwa cha mtsinjewu ndicho chinadziwikitsa mtundu wa kaodzera umene umapha msanga, pa miyezi yochepa chabe. Mu 1910 Stephens ndi Fantham a ku Liverpool anapeza kachilombo kake m'magazi a munthu amene anatengera matendawa kuchigwako, n'kukatcha Trypanosoma rhodesiense potsatira dzina lachitsamunda la dziko limene kuli chigwacho, ndipo pofika 1912 Kinghorn ndi Yorke anali atatsimikiza kuti kamafalitsidwa ndi ntchentche ya kashembe imene imaluma nyama zakutchire ndi anthu omwe.

Mankhwala olimbana ndi kaodzera anachokera ku poizoni. Aseniki, amene amawerengedwa m'gulu la zitsulo zolemera ngakhale kuti si chitsulo chenicheni, anali m'kati mwa atoxyl, mankhwala oyesedwa kuyambira 1905 amene anachititsa khungu odwala ambiri, ndiponso m'kati mwa tryparsamide, amene anathandiza kumadzulo kwa Africa koma analephera pa kaodzera wa ku Luangwa. Mu 1949 Ernst Friedheim anatulutsa melarsoprol pomangiriza aseniki ku dimercaprol, mankhwala amene anapangidwa ku Oxford pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kuti aziphera mphamvu ya mpweya wankhondo wokhala ndi aseniki. Kwa zaka zoposa 70 jakisoni ameneyu ndiye anali chiyembekezo chokhacho cha wodwala amene kachilombo kamufika ku ubongo, kaya ku Mambwe, ku Nkhotakota kapena ku Rumphi. Ankabayidwa mumtsempha, ankaotcha ngati moto mpaka mitsempha kuuma, ndipo mwa odwala 100 alionse, asanu mpaka khumi ankatupa ubongo, theka la iwowo n'kumwalira ndi mankhwala amene anayenera kuwachiritsa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kwa zaka zambiri madokotala ankabaya mankhwala osadziwa bwino chimene amagwira m'thupi la kachilombo. Kuona zimenezi kunafuna luso lina, lofufuza maonekedwe a puloteni. Puloteni imaumitsidwa kukhala timibulu toumbika mwadongosolo, timene timaombedwa ndi kuwala kwa ekisire, ndipo mmene kuwalako kumamwazikira ndi mmene akatswiri amawerengera malo a atomu iliyonse. Pano zitsulo zolemera zinagwira ntchito ina, chifukwa mu 1953 Max Perutz wa ku Cambridge anasonyeza kuti atomu ya mekyule ikamatirira ku hemoglobini, puloteni yonyamula mpweya m'magazi, imasintha kamwazikidweko mokwanira kupereka poyambira powerengera. Njira imeneyi ndiyo inathandiza David Phillips ndi anzake ku London kuona, mu 1965, maonekedwe a lysozyme, enzaimu yoyamba kuoneka chotero. Enzaimu ndi puloteni imene imafulumizitsa ntchito inayake m'thupi la chamoyo.

Mbali ya kachilombo inatseguka mu 1985, pamene Alan Fairlamb ndi anzake ku New York anapeza trypanothione, kanthu kokhala ndi maatomu awiri a salifa kamene tizilombo ta banja limeneli timadzitetezera nako ku zowononga, ndipo munthu alibe. Aseniki amakonda kugwira salifa awiri oyandikana, choncho melarsoprol akasweka m'thupi amakolana ndi trypanothione, ndipo chopangidwacho chimalepheretsa enzaimu ya trypanothione reductase imene imakonzanso chitetezocho. Iyi ndi imodzi mwa njira zimene mankhwalawa amaphera kachilombo, pakuti aseniki amagwiranso maenzaimu ena ambiri okhala ndi salifa, kuphatikizapo a wodwala mwiniwake, ndipo m'chifukwa chake sanakhalepo mankhwala ofatsa. Maonekedwe a enzaimuyi anafalitsidwa mu 1991, koma chithunzi chooneka bwino cha kagwiridweko chinabwera mu 2009, pamene akatswiri a ku Rome anaumitsa enzaimu yomweyi kuchokera ku Leishmania, mbale wake wa kachilombo ka kaodzera, ili ndi antimoni, amene khalidwe lake limafanana ndi la aseniki. Atomu imodzi ya antimoniyo inapezeka itakhala penipeni pogwirira ntchito pa enzaimu, itagwidwa ndi salifa wa timagawo tiwiri ta cysteine, pamodzi ndi kagawo ka threonine ndi ka histidine, ndiye kuti ziwalo zimene enzaimu imagwirira ntchito zinali zitamangika.

Kusiya aseniki kunachedwa kwambiri kumbali ya Luangwa kusiyana ndi kumadzulo, makamaka chifukwa odwala ake ndi ochepa, osauka, ndiponso okhala m'mphepete mwa nkhalango zosungiramo nyama, kutali ndi zipatala zazikulu. Mapiritsi a fexinidazole, amene alibe aseniki, anayesedwa pa chipatala cha boma cha Rumphi ku Malawi ndi cha Lwala ku Uganda, ndipo bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linawavomereza pa kaodzera ameneyu mu Disembala 2023. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse a 2024 anawaika patsogolo kwa odwala a zaka 6 kupita m'mwamba olemera makilogalamu 20 kapena kuposa, kotero mwana wochepera pamenepo, ngati kachilombo kamufika ku ubongo, amabayidwabe melarsoprol.