Magazi akabwerera m'matumbo, asilikali a m'thupi amaononga kwawo komwe

Mu 1986 akatswiri awiri a ku America, Dale Parks ndi Neil Granger, anatulutsa zotsatira zimene zinkamveka ngati nthano. Amphaka ena anawachepetsera magazi opita m'matumbo kwa maola 4, ndipo matumbowo anaonongeka monga aliyense ankayembekezera. Ena anawachepetsera kwa maola 3 okha, kenako n'kuwatsekulira magaziwo kwa ola limodzi. Matumbo amene anaonongeka kwambiri anali a gulu lachiwirili, lomwe linaoneka ngati lachitiridwa chifundo.

Zoti magazi obwerera amatha kuvulaza chiwalo zinali zitamvekapo kale, pamene Robert Jennings ndi anzake ankafufuza mitima ya agalu mu 1960. Chimene chinkasowa chinali wolakwa.

Woyamba kuganiziridwa anali mpweya wa okosijeni. Mu 1981 Granger, Gianfranco Rutili ndi Joe McCord, ali pa University of South Alabama, anapereka ganizo lakuti matumbo akamanidwa magazi mumaunjikana zotsalira zotchedwa hypoxanthine. Okosijeni akangobwerera, enzaimu ya xanthine oxidase imagwira ntchito pa zotsalirazo n'kutulutsa superoxide, poizoni wootcha maselo. Posakhalitsa zinadziwika kuti allopurinol, mankhwala akale a matenda a gout, amachepetsa kuonongekako chifukwa amatsekereza enzaimuyo. Ambiri anaona ngati mlandu watha.

Unali usanathe. Matthew Grisham, pogwira ntchito ndi Granger, anayeza myeloperoxidase, enzaimu yopezeka yambiri m'maselo oyera a m'magazi otchedwa ma neutrophil, ndipo mu 1986 anapeza kuti imachuluka zedi m'matumbo magazi akangobwerera. Allopurinol ankaichepetsa. Tanthauzo lake linali lakuti poizoni uja amangoimba lipenga, ndipo oyankha ndi asilikali a m'thupi. Umboni weniweni unabwera mu 1987, pamene gulu lomwelo linachotsa ma neutrophil m'magazi a amphaka ena, ndipo mwa ena linatseka CD18, puloteni imene maselowa amamatirira nayo kukhoma la mtsempha. Njira zonse ziwiri zinachepetsa kuchucha kwa timitsempha ta m'matumbo.

Chodabwitsa n'chakuti kayendedwe ka maselowa kanaonedwa kalekale, ndiponso pamalo omwewo. Mu 1867 Julius Cohnheim wa ku Germany anayala kanembanemba kogwira matumbo a chule pansi pa maikulosikopu, n'kuona maselo oyera akukakamira m'mbali mwa mtsempha kenako n'kudzipanikiza kutulukira kunja. Iye anati umu ndi mmene kutupa kumayambira, ndipo sanalakwe. Neutrophil ikatuluka imalavula elastase, imene imadya minofu, pamodzi ndi asidi wa mtundu womwe umapezeka m'mankhwala oyeretsera zovala. Zida zimenezi n'zophera tizilombo, koma apa palibe kachilombo koti kaphedwe. Ma neutrophil ena amangotsakamira m'timitsempha ting'onoting'ono, magazi n'kulephera kudutsa ngakhale njira yaikulu yatsekulidwa. Khoma la matumbo likafooka, poizoni wa mabakiteriya amalowa m'magazi, ndipo mapapo ndiwo amakonda kuyamba kulipira.

Nanga mankhwala ake ali kuti? Apa mbiriyi imakhumudwitsa. Mankhwala otseka CD18 anayesedwa pa anthu odwala mtima m'kafukufuku wa LIMIT-AMI ndi HALT-MI, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2001 ndi 2002, koma sanathandize. Enlimomab, wotseka malo amene maselowa amagwira pamtsempha, anayesedwa pa odwala sitiroko ndipo anawaonjezera mavuto. Mphaka wa mu labotale amalandira mankhwala mtsempha usanamangidwe, pomwe munthu amafika kuchipatala zinthu zitaonongeka kale. Komanso kumanga manja asilikali a wodwala amene matumbo ake akuchucha n'kumuika pangozi ina.

Nkhaniyi si ya kutali. Kupotana kwa matumbo aakulu ndi limodzi mwa mavuto amene madokotala a opaleshoni pa chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe amakumana nawo kawirikawiri. Dokotala akapeza thumbo lada kale, amalidula osalipotokola, kuopa kuti zoipa zounjikanamo zingathamangire m'thupi lonse. Mimba ikafufuma ndi kupweteka kwambiri, munthu osatulutsa mpweya kapena kupita kuchimbudzi, musadikire kuti kuche. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo.