Kodi thambo ndi lofanana mbali zonse? Mlandu umene wapeza mboni yatsopano

Munthu akaima panja usiku wa mwezi wa June ku Ulongwe, kapena m'munsi mwa phiri la Domwe m'boma la Angónia ku Mozambique, thambo silioneka lofanana. Kumene kwadutsa mlalang'amba nyenyezi zathithikana, kwina zili patalipatali. Komabe kwa zaka zoposa 100 asayansi amanga maphunziro onse a chilengedwe pa mfundo yakuti ukayang'ana kutali zedi, kupyola mlalang'amba wathu, mbali iliyonse ndi yofanana ndi inzake. Mfundoyi inayamba ngati chongoganiza. Mu 1922 Alexander Friedmann, pofuna kumasula masamu amene Albert Einstein anatulutsa mu 1915, anangotenga kuti zinthu zili choncho, chifukwa kupanda kutero masamuwo anali osagwirika. Umboni unabwera pambuyo. Mu 1965 Arno Penzias ndi Robert Wilson anapeza kuwala kotsalira kuchokera pachiyambi pa chilengedwe, kukubwera kuchokera mbali zonse, ndipo mu 1992 setilaiti ya COBE inaonetsa kuti tikachotsapo kuyenda kwathu, kuwalako kumangosiyana ndi gawo 1 mwa magawo 100,000.

Umboni umenewu ndi wamphamvu, koma ine ndikuona kuti sukwanira, chifukwa wonse wachokera kwa mboni imodzi, yomwe ndi kuwala. Pabwalo la mfumu mlandu waukulu sugamulidwa pakamwa pa munthu mmodzi. Kuwala kumatsekedwa ndi fumbi la mumlalang'amba wathu, ndipo nthawi zina kumadzitsutsa: mu 2021 Nathan Secrest ndi anzake atawerenga milalang'amba yowala kwambiri yotchedwa quasar yoposa 1 miliyoni, anapeza kuti yachulukira mbali imodzi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi zimene ankayembekezera. Mboni yachiwiri ndi mafunde a mphamvu yokoka, amene Einstein analosera mu 1916. Zinthu zolemera kwambiri zikazungulirana ndi kugundana, danga lenilenilo limatamuka ndi kufupika, ndipo kunjenjemerako kumadutsa fumbi ndi nyenyezi osatsekedwa. Pa 14 September 2015 makina a LIGO ku Hanford ndi ku Livingston, ku America, anamva koyamba kugundana kwa zinthu ziwiri zotere, zotchedwa ma black hole, kumene kunachitika zaka pafupifupi 1.3 biliyoni zapitazo. Pofika March 2020, mothandizana ndi makina a Virgo ku Italy, anali atamva zochitika 90. Ngati chilengedwe n'chofanana, kugundanaku kuyenera kumveka kuchokera mbali zonse mosakondera, ndipo kafukufuku wa zochitikazi sanapeze mbali yoposa inzake.

Otsutsa amati zochitika 90 n'zochepa, komanso makinawo amamva bwino mbali zina kuposa zina, ndipo kawirikawiri sangaloze malo enieni kumene funde lachokera. Zonsezi n'zoona. Koma kukondera kwa makina n'kodziwika ndipo kumachotsedwa powerengera, pamene kuchepa kwa zochitika kukutha chaka ndi chaka. Chofunika kwambiri n'chakuti zofooka za mboniyi n'zosiyana ndi za kuwala, choncho ziwirizi zikagwirizana, sitinganene kuti zalakwitsa mofanana.

Apa ndi pamene kum'mwera kwa Africa kwalowera m'nkhaniyi. Pali njira ina yomvera mafundewa, yotsata nyenyezi zakufa zotchedwa pulsar, zimene zimaphethira pa nthawi yake mosaphonya. Funde likadutsa, kuphethirako kumafulumira kapena kuchedwa pang'ono kwambiri. Mu June 2023 magulu angapo analengeza umboni wa kung'ung'udza kwa mafunde otere m'chilengedwe chonse. Mu December 2024 gulu logwiritsa ntchito MeerKAT, telesikopu ya madishi 64 ku Karoo m'dziko la South Africa, litatsata ma pulsar 83 kwa zaka zinayi ndi theka, linatulutsa mapu oonetsa malo ena kuthambo la kum'mwera kumene mafunde akuoneka ngati amphamvu. Iwo eni anachenjeza kuti mwina zangochitika mwamwayi, komanso ma black hole awiri aakulu ali pafupi angathe kuchititsa zomwezo popanda kugwetsa mfundo ya Friedmann. Koma funsoli silingayankhidwe ndi theka la thambo, ndipo mbali ina ya thambo la kum'mwera sioneka ku Europe ndi ku North America. Mozambique ndi Zambia zili m'gulu la mayiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito ya SKA, telesikopu yaikulu imene idzaphatikize madishi a MeerKAT ndi kupitiriza kutsata nyenyezi zimenezi.